Zimene Ndinanena pa Mabwinja a ku Kapernao

Nyumba imene ndinkachita lendi ku Dublin inagulitsidwa maphunziro anga ali pakati. Mwini wake anabwera Loweruka lina m'mawa, anaima pakhomo la khitchini osavula n'jekete lomwe, n'kutiuza tonse okhalamo kuti wapeza wogula ndipo tiyambe kufunafuna kwina. Anapepesa mwaulemu monga amachitira anthu akumeneko, kenako anakwera m'mwamba kukayeza mawindo.

Ndinali nditachokera ku Ntcheu, kumene ndinkaphunzitsa phunziro la Baibulo pa sekondale ina yoyendera. Ansembe achimishoni a paparishi yathu ndi amene anandipezera malo pa koleji ina ya zaumulungu ku Dublin. Zaka zimenezo wailesi inkangoti chuma cha Ireland chadzukanso, ndipo nyumba zazitali za maofesi zinkamangidwa m'mbali mwa mtsinje, koma pogona panali posowa. Ukamva kuti kwinakwake kuli chipinda, unkakapeza mzere wa anthu wafika kumsewu, ena atavala masuti, atanyamula makalata a kuntchito kwawo. Ine ndinkaima kumapeto ndi kachiphaso kanga ka sukulu. Onse ankati andiimbira foni, ndipo palibe amene anaimba.

Vuto langa ndinawauza abambo ena a kwathu, ansembe amene ankatsogolera Misa ya Chichewa kamodzi pamwezi. Ndinawauza tili awiri, koma iwo anakalinena pa zolengeza, pakati pa nkhani ya maliro ndi ya kwaya. Sanatchule dzina, anangoti mphunzitsi wathu amene ali ku koleji alibe pokhala. Koma mphunzitsi amene anali ku koleji ndinali ndekha. Mitu yonse inatembenuka, ine n'kuzolika mpaka nyimbo yotulukira.

Panja pa tchalitchi ndinagwidwa dzanja ndi mayi wina wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka kutali. Anali a ku Thyolo, ndipo aliyense ankangowatcha Anti. Anabwera ku Ireland zaka zambiri m'mbuyomo ngati munthu wopempha chitetezo, ali ndi khanda kumsana, ndipo tsopano ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Sanandifunse mafunso. Anati ali ndi fulati ya zipinda ziwiri ku Ongar, dera la chakumadzulo kwa mzindawo, mwana wawo wamkazi amagona pa bedi losanjikiza, ndipo pansi pake sipagona munthu. Nditayamba kufunsa za lendi anandidula.

“Mwana salipira lendi kwa amake. Uzingogula mkaka ukatha.”

Ndinakhala choncho ku Ongar. Zovala zanga zinali m'sutikesi kunsi kwa bedi. Pamwamba panga pankagona mwana wawo uja, mtsikana wa sekondale amene ankamva Chichewa chonse koma n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo akatembenuka, bedi lonse linkalira. Tebulo linali limodzi, lodyera, ndiye Anti akamaphika ndinkatenga thabwa lositirapo zovala, n'kulitsitsa, n'kuikapo kompyuta yanga m'kanjira ka pakati pa zipinda. Ntchito zanga zambiri za kusukulu ndinazilembera pamenepo. Anti ankandiitana kuti iwe, kapena mwana wanga. Akachoka kushifiti ankandipeza ndikuwerenga, n'kundiikira dzanja lozizira pakhosi kuti ndidzidzimuke, iwo n'kumaseka.

Za zonsezi ku koleji sindinkanenako kanthu. M'kalasi mwathu wa ku Africa ndinali ndekha. Ambiri anali achikulire opuma pantchito, masisitere angapo ndi achinyamata ochepa. Anali anthu abwino. Sabata yoyamba mayi wina anandiuza mwachikondi kuti ali mwana ankaponya timakobiri m'kabokosi ka kusukulu kothandizira ana a ku Africa, ndipo akusangalala kuona mmene ena mwa anawo anakulira. Ndinamwetulira, koma kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza mtima kuti wina asadzandionenso ngati mwana wa m'kabokosi. Ndinkavala jekete lakuda, ndinkayeza mawu aliwonse ndisanawatulutse, ndipo wondifunsa kumene ndimakhala ndinkangomuyankha kuti chakumadzulo kwa mzinda.

Amene ndinkafuna kwambiri kuti andione ngati munthu wozama anali apulofesa athu, mayi wowonda wa tsitsi loyera amene anakhala zaka zambiri akufukula zinthu zakale ku Palestina ndi ku Yordani. Manja awo anali okhakhala ngati a mlimi. Chaka chilichonse ankatenga ophunzira kukaona malo amene tinkawawerenga m'mabuku, ndipo koleji inandithandiza kuti nanenso ndipite. Chaka chimenecho malo ena anatsala, ndiye anati aliyense amene akudziwa munthu wa kumpingo wofuna kupita amuuze. Ndinazinena kunyumba mongocheza, tikudya. Anti anaika supuni pansi. Anali atangolandira unzika wa dzikolo miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo pasipoti yawo yatsopano inali isanadindidwepo. Pofika kumapeto a sabata anali atasinthana mashifiti ndi anzawo a kuntchito, atalembetsa kale.

Manyazi anga anayambira pabwalo la ndege la Dublin. Anti anafika atamanga chitenje cha amayi a kumpingo pamwamba pa diresi, duku kumutu, kolona m'khosi, atanyamula chikwama chodzaza mabotolo opanda kanthu amene amayi anzawo anawapatsira kuti akawatungire madzi a mu Yordani. M'chidebe china munali mandasi. Anapatsa moni aliyense ndi manja awiri, n'kumatsegula chidebecho pamaso pa anthu amene anali asanawadziwe n'komwe. Anzanga a m'kalasi anatenga, anadya, anayamikira. Apulofesa anatenga awiri. Kwa aliyense Anti ankandiloza n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga. Ine ndinaima patali pang'ono, ndikuyang'ana pafoni ngati muli uthenga wofunika.

Malo oyamba amene tinakaona anali Yeriko. Ndinali nditaphunzitsa za mzindawu zaka zambiri, ndikujambula malinga ake pa bolodi ndi choko, koma chimene tinapeza chinali chitunda cha dothi lotuwa, chodulidwadulidwa ndi maenje a ofukula. Dzuwa linkawotcha ngati la ku Nsanje. Apulofesa anatiimika m'mphepete mwa dzenje lalikulu n'kutionetsa nsanja yamiyala pansi pake, imene anati ndi yakale kwambiri kuposa nkhani zonse zimene timawerenga. Anafotokoza kuti akatswiri amatsutsana za nthawi imene malinga a mzindawo anagwa, ndipo ena amati pa nthawi imene nkhani ya m'Baibulo imanena, panalibe malinga oti n'kugwa. Ine ndinkalemba zonse, ndikugwedeza mutu kuti aone kuti ndikutsatira.

Anti anandikodola n'kundiuza kuti ndiwabwerezere m'Chichewa, chifukwa mphepo inawabera mawu. Ndinawanong'oneza mwachidule. Iwo anayang'ana m'dzenjemo, kenako anafunsa apulofesa mokweza, m'Chingerezi chawo cha kuntchito, kuti ngati malingawo anagwa, nanga iwo akufuna awapeze ataima? Gulu lonse linaseka, apulofesa nawo anaseka mpaka kuvula magalasi. Lero ndikudziwa kuti kunali kuseka kwa anthu amene asangalatsidwa. Tsiku limenelo ndinamva ngati akuseka dziko lathu lonse. Titayamba kutsika chitundacho Anti anayambitsa nyimbo ya kumpingo, ali okha, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo, ndipo pakati pa nyimboyo anandiyang'ana kuti ndivomere. Ndinafulumira n'kupita kutsogolo.

Ku Yordani zinali chimodzimodzi. Mtsinjewo unali waung'ono, wa madzi amatope, mabango mbali zonse. Anti anati mtsinje wa Luchenza nthawi ya mvula umauposa, koma anavula nsapato, anagwada pa masitepe a matabwa, n'kudzaza mabotolo awo limodzilimodzi, akutchula mayi aliyense amene anawatuma ndi vuto lake. Uyu mwana wake sakumvera, uyu mapepala ake sanatuluke, uyu akufuna nyumba. Basi inatidikira. Sisitere wina wachikulire wa m'kalasi mwathu anatsika kukawagwirira zivindikiro. Ine ndinakhala m'basi, ndikuona pawindo, thukuta likutsika kumsana.

Tinafika ku Kapernao masana ena ulendo uli chapakati. Ndi kamudzi ka asodzi kamene kanafukulidwa m'mphepete mwa nyanja ya Galileya. Pali zipilala zoyera za sunagoge, ndipo chapansi pake pali makoma afupiafupi a miyala yakuda, otsalira a nyumba za anthu wamba. Apulofesa anatitsamiritsa pa chitsulo chotchingira n'kutionetsa mmene nyumbazo zinkakhalira. Tizipinda tating'ono tinkazungulira bwalo limodzi, pabwalopo pali mphero ndi pophikira, ndipo mabanja angapo ankakhala pamodzi, agogo, apongozi, ana, alendo. Anati tiyerekeze usiku m'kachipinda ngati kameneko, anthu atagona mothithikana, wina akatembenuka onse adzuke.

Anti anaomba m'manja kamodzi n'kuseka. Anati zimenezo si zakale ayi, ndi za ku Ongar. Anandiloza n'kuuza gulu lonse kuti mwana wawoyu amagona kunsi kwa mng'ono wake pa bedi losanjikiza, zovala zake zili m'sutikesi, ndipo nzeru zonse zimene amabwera nazo ku kolejizo amazilembera pa thabwa lositira, m'kanjira, pafupi ndi chimbudzi. Anawonjeza kuti anandipeza kutchalitchi nditasowa kolowera, abambo atandilengeza. Ankanena monyada. Nkhope yawo inkawala, ngati mayi amene akufotokoza mmene mwana wake anakhozera mayeso akuwerengera pa koloboyi.

Anthu anaseka pang'ono, ena anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho ndi chimene chinandimaliza. Mayi uja wa timakobiri anapendeketsa mutu. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, wa ku Ireland komweko, amene tinkakhala limodzi pa maphunziro a Chigiriki, anandifunsa kuti bwanji sindinamuuze kuti amenewa ndi amayi anga. Ndinamuyankha mokweza, m'Chingerezi chomveka bwino, kuti onse amve.

“Si mayi anga. Ndi alandilodi anga.”

Kenako ndinatembenukira kwa Anti n'kulankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, mano atalumana.

“Tatsekani pakamwa. Kuno si kumsika. Simukuona kuti anthu akukusekani?”

Anti anandiyang'ana kanthawi, kenako anakonza duku lawo, n'kutembenukira ku makoma akuda aja ngati pali china choti aonetsetse. Apulofesa anapitiriza kufotokoza za madenga a nyumbazo, kuti ankafoleredwa ndi mitengo, udzu ndi dothi. Ndinalemba zimenezonso.

Amene sanakhale ku Dublin zaka zimenezo mwina sangamve kulemera kwa mawu amene ndinasankha. Landilodi anali munthu amene anthu ankamutukwana m'mabasi ndi pa wailesi, wokweza lendi chaka chilichonse, wotulutsa mabanja m'nyumba kuti akagone m'mahotela. Anali bambo uja woyeza mawindo. Ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkalankhula, ndipo Anti ankazidziwa kuposa ine.

Pobwerera, iwo anakakhala mpando wina ndi sisitere uja. Kuhotela tinkagona chipinda chimodzi. Anasamba, anapemphera kolona atandifulatira, n'kugona. M'mawa nditadzuka ndinawapeza atavala kale, atakhala m'mphepete mwa bedi lawo.

“Mwadzuka bwanji, madamu?”

Madamu ndi mmene ana a sukulu ankandiitanira ku Ntcheu. Kuchokera pakamwa pa Anti, mawuwo anandilowa ngati madzi ozizira. Kuyambira m'mawa umenewo iwe uja anatha, ndinasanduka inu. Sanandikalipire, sanandinyalanyaze. Pachakudya ankandipatsira mchere ndi manja awiri. Pokwera basi ankandipatukira kuti ndiyambe ndine. Pa malo ena onse amene tinakaona sanaimbenso, ndipo akapanda kumva zimene apulofesa anena, ankafunsa sisitere uja.

Anzanga anakhulupirira zimene ndinanena, ndipo zimenezo zinabala zina. Tili ku Yerusalemu, tikumwa tiyi wa m'mawa, mtsikana wa maphunziro a Chigiriki uja anabwera kudzakhala pakati pathu. Anatiuza mwamanyazi kuti kwa miyezi ingapo wakhala akugona pa sofa kwa mnzake, mnzakeyo watopa naye, ndipo kwa makolo ake n'kutali kwambiri ndi mzinda. Anafunsa Anti ngati ali ndi malo ena m'nyumba mwawo ine ndikadzachoka, ndiponso kuti lendi yake ndi yotani. Anti anapukuta pakamwa, n'kumuuza mofatsa kuti afunse madamuwa, ndi amene akudziwa mtengo wake. Mtsikanayo ananditembenukira akudikira. Ndinati tidzakambirana ku Dublin, n'kunyamuka tiyi ndisanamalize.

Tsiku lomwelo tinapita ku thamanda la Betesida, kumene nkhani ya m'Baibulo imati odwala ankagona n'kumadikira kuti madzi avunduke. Ndi dzenje lakuya kwambiri pakati pa mzinda wakale, lodzaza makoma ndi zipilala za nyumba zimene zinamangidwa pamwamba pa zinzake, ndipo pansi penipeni pali timadzi tobiriwira. Apulofesa anafotokoza mmene ofukula anapezera maiwe awiri ndi khoma pakati pake, kenako anatipatsa nthawi yoti tiyendeyende. Anti sanatsike masitepe. Anakhala pa kakhoma, manja ali pamiyendo, misozi ikutsika osaipukuta. Sisitere uja anakhala pambali pawo n'kuwafunsa chimene chavuta, ndipo anthu ena angapo anayandikira. Ine ndinaima kuseri kwa chipilala, pomveka.

Anti anafotokoza kuti atafika ku Ireland anakhala zaka zambiri mu hositelo ya anthu odikira mapepala, m'chipinda chimodzi ndi mwana wawo, osaloledwa kugwira ntchito ngakhale kudziphikira. Anzawo amene anabwera m'mbuyo mwawo ankayankhidwa n'kutuluka, iwo ali pomwepo. M'zaka zimenezo amayi awo anadwala ku Thyolo, n'kumwalira, ndipo iwo sakanatha kupita, chifukwa kutuluka m'dzikomo kukanawononga pempho lawo la chitetezo ndi tsogolo la mwanayo. Anati m'chipinda chimenecho ankakonda kuwerenga nkhani ya thamanda limeneli, ndipo analonjeza kuti mapepala akadzatuluka, ulendo wawo woyamba udzakhala wodzathokoza pamalo pamene anthu ena anadikirapo. Anati kwawo sanapitebe, chifukwa akaganiza zokaona manda, miyendo imakana.

Ndinali nditakhala m'nyumba mwawo miyezi yambiri, ndikudya chakudya chawo, koma zonsezi ndinazimvera kuseri kwa chipilala, m'Chingerezi, akuuza alendo. Sindinawafunsepo. Ndinkabwera kunyumba ndi nkhani za mizinda imene inakwiririka kalekale, iwo n'kumamvetsera akusenda anyezi, ndipo sizinandibwerere m'mutu kuti nawonso ali ndi zawo.

Madzulo amenewo ndinawapeza m'chipinda akukulunga mabotolo a madzi aja m'zovala kuti asasweke m'ndege. Ndinatseka chitseko n'kugwada pansi, monga ndikanachitira kwa amayi ondibereka.

“Anti, ndinalakwa. Ndikhululukireni.”

“Dzukani, madamu. Simunaname. Amayi anu ali ku Ntcheu.”

Ndinakhalabe chogwada. Anakulunga botolo lina, n'kuliika m'sutikesi, kenako anakhala pabedi.

“Mukanangoti ndine mnzanu wa kutchalitchi, sizikanandipweteka. Ngakhale mukanati ndine wantchito wanu. Koma landilodi? Ine amene ndinatuluka mu hositelo n'kuyenda Dublin yense ndi mwana kudzanja, anthu akunditsekera zitseko akangoona nkhope?”

Ndinalira. Iwo sanalire. Anati zatha, anakhululuka kale ku Kapernao komweko, chifukwa sakanafika pa thamanda lija ali ndi chinthu kukhosi. Anati nawonso aphunzirapo kuti pakamwa pawo n'potseguka kwambiri, ndipo munthu wophunzira ali ndi ulemu wake umene iwo sanauganizire. Ananditambasulira dzanja kuti ndidzuke, koma pomaliza anati tiyeni tikadye, madamu, anthu akutidikira.

M'mawa mwake, tikudikira basi ya ku bwalo la ndege, ndinakapeza mtsikana uja n'kumuuza zoona, kuti sindilipira kalikonse, kuti mayiwo ananditola ndilibe kolowera ndipo amanditenga ngati mwana wawo. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti nanga ndinaneneranji zija. Anangoti iye akanakhala ndi munthu wotero akanauza aliyense. Kwa apulofesa ndi ena onse sindinapite kukakonza. Ndinkati ndichita tikafika, kenako maphunziro anatipanikiza, gululo linabalalika, ndipo ena mwa iwo mwina mpaka lero amakumbukira kuti paulendo uja panali mayi wosangalatsa wa ku Malawi amene ankachititsa lendi.

Tinafika ku Dublin kukugwa mvula. Anti anagawa madzi aja pa Misa yotsatira, ndipo amayi atawafunsa za ulendo anafotokoza zonse mwatsatanetsatane, dzuwa, ngamira, mtsinje waung'ono, koma za ine ankangoti madamu anatithandiza kumva zinthu zovuta. Mwana wawo anazindikira msanga. Tsiku lina tili m'chipinda anasuzumira kuchokera pabedi lake lam'mwamba n'kundifunsa m'Chingerezi chifukwa chimene amayi ake ayambira kundilankhula ngati ndine mlendo. Ndinamuuza zonse. Anati kuntchito kwa amayi ake agogo onse a kumeneko amadziwa kuti iwo ali ndi mwana wamkulu ku koleji. Anabwezera mutu wake pamtsamiro, ndipo kwa masiku angapo sanandilankhule.

Ndinayesa kusamuka. Ndinakaima pamizere ina ya ofuna nyumba kudera la Coolock ndi kwina, osauza munthu, koma zinali monga kale. Anti atazimva kwa mayi wina amene anandiona, anandiuza kuti ndisadzivute, bedi lija ndi langa mpaka nditamaliza. Ndiye ndinakhala. Ndinalemba ntchito yanga yomaliza pa thabwa lomwe lija, yokhudza nyumba za anthu wamba ku Galileya, ndipo apulofesa anaiyamikira. Ndikachedwa kubwera ndinkapeza chakudya chili mu uvuni, chovindikira bwino. Palibe chimene chinachepa m'nyumbamo kupatula dzanja lozizira lija pakhosi. Ndinkadya chakudyacho ndili ndekha patebulo.

Nthawi yobwerera kwathu itayandikira, Anti anandiitanira kuchipinda kwawo, mmene ndinali ndisanalowemo chibwerere ku ulendo uja. Pabedi panali kachikwama ka zovala ndi mankhwala opaka a miyendo. Anati ndi za achemwali awo ku Thyolo, ndipo akudziwa kuti Thyolo ndi Ntcheu n'kotalikirana, koma safuna kutumiza pa basi. Kenako anayang'ana kumbali n'kunena kuti ngati ndingakhale ndi mpata, ndikapemphe achemwali awowo andiperekeze kumanda a amayi awo, ndikawaonere mmene pamakhalira.

Ndinapita patangotha sabata zochepa nditafika. Ndinatsika minibasi pamsika wina pakati pa minda ya tiyi, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi. Achemwali awo anali ofanana nawo nkhope ndi mawu omwe, ndipo anandilandira ngati akundidziwa kalekale. Anapempha chilolezo kwa eni mbumba, ndipo masana tinalowa kumanda ndi amayi ena awiri, titanyamula makasu ndi tsache. Mandawo anali a dothi, mtanda wake wachitsulo utachita dzimbiri, dzina likuwerengeka movutikira. Tinalambula udzu, tinasesa. Kenako ndinaimba foni ya kanema.

Anti anayankha ali kuntchito, atavala yunifolomu, ataima m'kachipinda kosungira matawulo. Ndinatembenuzira foni kumanda n'kuigwira chomwecho. Mkono unayamba kundiwawa koma sindinautsitse. Kenako Anti anafunsa achemwali awo kuti manda a pambaliwo ndi a ndani, ndipo anauzidwa mayina a anthu amene iwo ankaganiza kuti akadali moyo. Anapempha kuti ndiwaonetse mtengo wa m'mphepete, kenako njira yopita kumudzi, ndipo ndinayenda nayo foniyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo pa nyumba ya amayi awo. Anaona denga n'kufunsa ngati likudontha. Achemwali awo anati mbali imodzi. Anti anati tiuze mmisiri abwere adzaone mvula isanayambe. Kumbuyo kwawo kunalira belu la m'chipinda cha wodwala, ndipo anati agogo ena akuwaitana, aimbanso Lamlungu.